Nsabwe za Bolasha

Lolemba

Telefoni m'mawa. Mkazi wanga aNachisale, kuchokera ku Tete. Mdzukulu akuyamwa bwino, mwana wathu Lusiya wapeza mphamvu, ndiye iwo akubwera Lamulungu pa shapa, minibasi yathu ija, yamasana. Miyezi iwiri yaumbeta yatha!

Funso loyamba: "Bolasha wanga ali bwanji?" Funso lachiwiri, nkhuku. Ine ndikubwera pambuyo, limodzi ndi mbuzi.

Ndikuyankha kuti ali bwino kwambiri. Ndikuyankha ndili pakhonde, bolasha ali pabalaza. Madzi ndimamuthira ndithu, koma ndimathira monga mmene munthu amaperekera moni kwa apongozi: cham'mbali, maso kwina, mwendo uli kale panjira.

Bolasha ndi kamtengo ka m'nyumba. Amakhala m'vazu, mphika wa maluwa wadothi, pafupi ndi zenera, masamba ake aakulu ngati chikhatho, owala ngati opaka mafuta. Dzinalo pa Chipwitikizi ndi mphira, koma lilime lathu silisiyanitsa mphira ndi bisiketi, zonse ndi bolasha. Ana a pano akudikirabe tsiku limene adzabale.

Amayi awo a aNachisale anapempha mbewu yake kwa masisitere ku Fonte Boa akadali mtsikana. Atamwalira, abale anagawana ng'ombe, ngolo ndi malata. ANachisale anangodula nthambi imodzi, n'kuikulunga m'chitenje chonyowa, n'kubwera nayo kuchokera ku Lifidzi. Ndi imeneyi. Ponyamuka kupita ku Tete sanandisiyire lamulo lina lililonse. Lokhalo: kusamala bolasha.

Ndikulowa kukamuona bwinobwino. Nsapato yamata pansi, pochoka ikuti tcha! Ndikugwira tsamba, chala chikukana kubwerera. Ulimbo weniweni! Kansalu koluka ka patebulo kamata. Buku lawo la nyimbo za kwaya lamata pa kansaluko. Ntchentche imodzi yaima patsamba, ikuoneka kuti inafika dzana ndipo yasiya kudandaula.

Dongosolo la sabata ino:
- Kupeza chimene chachitika.
- Kuchiza.
- Osauza munthu aliyense.
- Lamulungu kuima pambali pa vazu ndi nkhope ya munthu amene sanavutikepo.

Ndine mlembi wa sekeletaliya ya sukulu. Munthu wosunga mapepala a sukulu yonse sangagonje kwa kamtengo kamodzi.

Lachiwiri

Oganiziridwa:
- Mlamu wanga Zefelino, mlongo wawo wa aNachisale, wogulitsa kachewere ku Domwe. Amadutsa pano nthawi imene wafuna, amamwa zotsekemera za m'botolo uku akulankhula ndi manja onse.
- Utsi wa kukhitchini. Koma utsi sumata.
- Ine. Tiyi wotsala m'kapu ndimakhuthulira m'vazu. Shuga ndimathira wosanyengerera.

Ndalawa. Inde, ndalawa, kansonga ka lilime chabe. N'zotsekemera! Ndiye nkhani yamveka: mtengo wadwala shuga, monga a Dilekitoli, akulu a sukulu yathu. Chithandizo chake n'chomwecho. Tiyi waletsedwa kuyambira lero, madzi okhaokha.

Madzulo beseni, madzi ofunda, kansalu. Tsamba ndi tsamba, pamwamba pake, mwaulemu. Ndili mkati Zefelino watulukira osagogoda. "Alamu, musapukute! Wayamba ndi shuga, mawa abala bolasha weniweni, tikagulitsa ku Domwe." Mfundo ya osauza aliyense yavulala kale, koma Zefelino amaiwala chilichonse chosagulitsika.

Masamba akuwala. Ndikudziona nkhope patsamba lalikulu, nkhope ya munthu wanzeru. Nkhani yatha Lachiwiri! Masiku otsalawa ndipuma.

Lachitatu

Akumatanso! Kuposa dzulo. Ndipo masamba a m'munsi ali ndi timadontho takuda ngati mwaye, chonsecho tiyi sanalawe.

Nyerere. Mzere wautali, kuchokera pang'ankha ya pansi pa zenera, kutsika khoma, kukwera vazu, kukwera tsinde. Zokwera n'zowonda, zotsika mimba zili tiii. Ndagwada n'kuzitsatira ndi maso. Sizikupita pamwamba pa tsamba pomwe ndinapukuta ine. Zikupita kunsi.

Ndatembenuza tsamba. Mayo! Tinthu tofiirira, tophwatalala ngati nkhanambo za bala, tandanda m'mbali mwa mtsempha wa tsamba ngati anthu pa mzere wa kuchigayo. Sitikuyenda. Ndikukanda kamodzi ndi chikhadabo, kachoka, pansi pake ponyowa. N'kamoyo!

Ndikukumbuka nyemba zathu za kudimba chaka chatha: masamba omata, nyerere, nsabwe zakuda pansonga. Izi zavala zishango pamsana, koma banja ndi lomwelo. Zimayamwa madzi a mtengo, zotsala n'kutulutsa kumbuyo, zotulukazo n'kumadonthera pa masamba a m'munsi ndi pansi. Nyerere ndi abusa, zimabwera kudzakama ng'ombe zake. Mwaye uja ndi chuku chomera pa zotsekemerazo.

Zimatulutsa kumbuyo. Dzulo ndinalawa. Nkhani imeneyi sindilembanso.

Tiyi alibe mlandu. Shuga alibe mlandu. Zefelino, mwatsoka, alibenso mlandu.

Poweruka ndikudzera ku loja ya Dona Filomena kukagula sabawu, sopo wochapira, ndi mswachi watsopano. Mwadzaza amayi a kwaya, angochoka kophunzira nyimbo. Dona akufunsa kuti mwamuna wokhala yekha sabawu wamkulu chonchi ndi wa chiyani. Ndikuyankha mwachidule, monga munthu wa ofesi: "Kunyumba kwagwa nsabwe." Akufunsa ngati ndi zambiri. "Zadzaza. Zambiri zili kunsi, komwe munthu sayang'anako."

Sabawu aika pathebulo, osati m'manja mwanga. Potuluka amayi andipatsa njira yotakasuka, yoti ngolo n'kudutsa. Ndikuganiza kuti ulemu ukubwerera m'dziko.

Ndazindikira ndili kale pakamlatho. Nsabwe! Liwu limodzi, eni ake awiri: za nyemba ndi za m'mutu. Ndaima pomwepo. Kubwerera kukafotokoza? Ndiye kuti kwaya yonse idziwa kuti bolasha wa aNachisale wadwala m'manja mwanga, ndipo telefoni ya ku Tete ilira dzuwa lisanalowe. Pakati pa mbiri ya mutu wanga ndi mbiri ya bolasha, ndasankha kuteteza bolasha. Mphekesera ya nsabwe imafa yokha. Masiku awiri, basi.

Lachinayi

Mphekesera ili moyo, yanenepa.

Zimene ndaona ku sukulu:
- A Dilekitoli akulankhula nane ali pakhomo, mapepala akulandira ndi zala ziwiri.
- Pamsomali pomwe timakoleka zipewa patsala changa chokha.
- Aphunzitsi awiri akudzikanda m'mutu pongondiona.
- Kholo lina labwera kudzatenga kalata ya mwana wake, latenga, lathokoza lili pabwalo.

Ubwino wake: lero palibe amene wabwera kudzakhala pampando wanga n'kundifotokozera za mpira. Ntchito ya masiku atatu ndamaliza m'mawa umodzi.

Pulofesola Ameliya, wophunzitsa za zomera ndi nyama, ndi yekhayo ndamunong'oneza zoona. Waseka mpaka wakhala pansi. Atapukuta misozi wanena kuti ndaona bwino. Malangizo ake: madzi a sabawu osakhathamira, mswachi wofewa, kunsi kwa tsamba lililonse ndi m'mphanda za nthambi, kenako kutsuka ndi madzi oyera. Zokakamira, thonje loviika mu alukolu, sipiriti wa ku falimasiya kogulitsa mankhwala. Njira ya nyerere kuitseka, chifukwa abusa amabweretsa ng'ombe zina. Ndipo kubwereza sabata ndi sabata, popeza ana ake sawoneka ndi maso. Walumbira kuti sauza munthu. "Koma tiyeni tiimebe motalikirana, a Mlembi, anthu angandiganizire."

Madzulo. Kusambitsa mtengo pabalaza ndi kusambitsa balaza lonse, ndiye atuluke panja. Vazu ndi wolemera ngati thumba la fetereza. Mwamwayi Zefelino wadutsa, tanyamulira limodzi mpaka kuseri kwa nyumba, komwe odutsa saona. Iye wakwera njinga yake, wapita ku Domwe.

Mswachi, sabawu, madzi. Tinkhanambo tikuyoyoka! Osati tonse, koma tambiri. Madzi a m'beseni ada. Ndikuimba nyimbo. Mbuzi ikundiyang'ana.

Kenako dzuwa lapendeka, mphepo ya Junyu yayamba kutsika m'phiri, ndipo ndakumbuka kuti vazu amene anatuluka ndi anthu awiri amalowanso ndi anthu awiri. Ndayesa ndekha, msana wati ayi. Ndaitana a Jowakimu a nyumba yoyandikana nafe. Ayankhira kuseri kwa mpanda: "Pepani aneba, ndili ndi ana aang'ono." Ndaitana ena odutsa pamsewu. Akweza dzanja, awonjezera liwiro.

Bolasha agona panja lero. Ndamufunditsa jekete langa la ku tchalitchi. Usiku umodzi si kanthu.

Lachisanu

Usiku umodzi ndi kanthu.

Udzu wayera mbee ndi chisanu. Madzi a m'beseni aundana pamwamba. Jekete lili pansi, mbuzi yagonapo. Masamba a bolasha azolika ngati makutu a galu wokalipiridwa, m'mphepete mwake mwawauka. Ndakhudza limodzi, lagwa. Lina lagwa losakhudza, pongotsatira mnzake.

Ndamulowetsa ndekha. Thumba lakale pansi, kupendeketsa vazu, kumukhazika pathumbapo, kukoka. Zosavuta! Nzeru ya thumba yabwera m'mawa, nthawi imene nzeru zanga zonse zimabwera.

Masamba otsala akadali ndi tinkhanambo tokakamira. Pakufunika alukolu. Falimasiya ili ku Ulongwe, ndipo ulendo wa ku Ulongwe ndi tsiku lathunthu. Koma kutsidya kwa dambo kuli aNambewe, ophika kachasu. Ndafunsa Pulofesola Ameliya ngati ndi chimodzimodzi. "Akakhala waukali, nsabwe sizifunsa kuti wachokera kuti."

Ine ndimawerenga mawu oyamba pa Misa. Mowa ndinasiya chaka cha ukwati. Ndadzera njira ya m'chimanga chouma, botolo m'thumba la jekete lonunkha mbuzi, ndikuganiza kuti masana a Lachisanu sikukhala anthu. Kuli anthu. Kuli theka la abambo a mudzi uno, ndi ena amene akazi awo akudziwa kuti ali kudimba.

"A Mlembi! Tinkadziwa kuti tsiku lina mudzafika!"

Ndanena chapansipansi kuti ndikufuna waukali kwambiri. ANambewe, mokweza: "Ndiye mukufuna wa mutu?" Kwa ophika kachasu, mutu ndi uja woyamba kudontha, wotentha kuposa yense. Ndikudziwa zimenezo. Aliyense pamenepo akudziwa zimenezo. Ndayankha kuti eya, wa mutu. Bwalo lonse lagwa nazo. Wina wafuula kuti ndipake pang'ono, wotsalayo ndimwe, kuti nsabwe ziukiridwe mbali zonse ziwiri. Wina akuti zikaledzera zimagwa zokha.

Koma akugwira ntchito! Thonje, kachasu, kukhudza, kudikira pang'ono, kupukuta. Kankhanambo kakuchoka kopanda makani. Tsamba ndi tsamba, kunsi ndi pamwamba, mphanda ndi mphanda, mpaka tsinde. Palibe katsala. Pang'ankha ya nyerere ndamata dothi, kunsi kwa vazu ndazunguliza phulusa. Nyerere zafika, zazungulira, zabwerera kukapereka lipoti.

Nyumba ikununkha ngati kwa aNambewe.

Telefoni. ANachisale, mawu ofewa modabwitsa: "Ndamva kuti simuli bwino. Musachite manyazi, zimagwera aliyense." Ndikuti ndili bwino. Bolasha? Ndikuti akupuma. Sindinaname. Akupuma ndithu, kungoti movutikira.

Mawa ndikolopa, nditsegula mazenera, fungo lichoke. Zinthu zikhoza kukonzekabe.

Loweruka

Ndisanathe tiyi, nyimbo pamsewu. Amayi a mphakati wathu, gulu lathu lopemphera la m'mudzi, ali pa mzere ndi ndowa, matsache ndi nkhuni. Kutsogolo azakhali awo a aNachisale, aNangondo, mpango womanga zolimba mpaka m'makutu. Onse amanga choncho. Awatuma ndi aNachisale eni ake, pa telefoni, kuti asadzafikire m'nyumba ya nsabwe ndi zovala zonunkhira khanda.

Zimene zatuluka panja osandifunsa:
- Zofunda zonse, zalowa mumgolo wa madzi owira.
- Matiresi, ali padenga la khola.
- Malaya anga onse, kupatula amene ndavala, ndipo nawonso akuwayang'ana.
- Pilo. Aweruzidwa kuti awotchedwe.

Apa ndaona kuti chinsinsi chakwera mtengo kuposa mmene ndingathere. Ndaimika dzanja ngati pa msonkhano wa makolo, ndanena zonse. Nsabwe si za m'mutu. Ndi za mtengo. Bwerani muone.

Abwera. Ndatembenuza tsamba monyadira. Loyera! Ndatembenuza lina. Loyera ngati mbale ya padiri pa Misa. Umboni wonse ndinaupha ndekha dzulo, ndi manja angawa, mosamala kwambiri.

ANangondo anunkhiza m'mwamba, anunkhiza tsamba, anunkhiza ine. Ndafotokoza kuti amene wamwa kachasu ndi mtengo. Amayi ayang'anana. Mmodzi wanong'ona mokwanira kumveka: "Miyezi iwiri yokha. Akanakhala itatu tikanapeza chiyani?"

Mboni! Pulofesola Ameliya ali ku Ulongwe, telefoni yake siikulowa. Zefelino watulukira pa nthawi yake. Ndamugwira dzanja kuti anene zimene anaona. Wayang'ana azakhali ake, wayang'ana ine, wayeza mbali yolemera. "Ine ndinangoona shuga, azakhali. Za nsabwe alamu sanandiuze, mwina manyazi."

"Khalani pansi, bambo," aNangondo atero. Mawu aja amene amakhazika ngakhale ng'ombe.

Ndakhala. Mpando pabwalo, chitenje m'khosi, lumo m'manja mwa Zefelino, amene ntchitoyi waigwira ndi chimwemwe chosabisa. Mpala. Mwezi wa Junyu! Tsitsi alipesa pa nyuzipepala, aliyang'ana amayi onse mosinthana. Nsabwe palibe ngakhale imodzi. Chigamulo cha aNangondo: "Kachasu uja wagwira ntchito."

Kunena chilungamo, nyumba sinayerepo chonchi chimangireni. Akolopa ulimbo wonse wa pansi, achapa kansalu koluka, amatula buku la nyimbo osang'amba tsamba. Asesanso masamba a bolasha amene anagwa, ndipo anali ambiri. Watsala tsinde lalitali ndi timasamba tochepa kumutu, ngati nkhuku ya kameta.

Atapita, takhala awiri pabalaza, ometedwa tonse. Ndagwira masamba otsalawo limodzi ndi limodzi. Chala chikubwerera bwinobwino. Nyerere palibe. Ndipo pansonga penipeni, pakati pa masamba awiri omaliza, pali kanthu kofiira, kosongoka ngati tsabola wamng'ono. Dzulo sindinakaone. Mwina kanalipo. Ine kuyang'ana ndayamba sabata ino.

Lamulungu

Mu tchalitchi mwamuna savala chipewa. Ndawerenga mawu oyamba mutu uli pamtunda, mphepo ikulowera pa zenera losweka kulunjika pa ine ndekha. Ana a kutsogolo sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Pa benchi ndakhala motakasuka.

Shapa yafika masana. ANachisale atsika ndi katundu, andiyang'ana kumutu, atseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Nkhani anaimva kale ku Ulongwe m'mitundu itatu. Mu mtundu wachitatu ndinagona m'ngalande ya kwa aNambewe, nsabwe n'kundikokera kunyumba.

Alowa. Monga mwa nthawi zonse, moni woyamba ndi wa bolasha. Aima pamaso pake nthawi yaitali. Tsinde lopanda kanthu, timasamba towauka m'mphepete, phulusa kuzungulira vazu. Ine ndaima pambali, monga ndinakonzera Lolemba, kungoti nkhope si ija.

Ndafotokoza kuyambira pa ulimbo mpaka pa lumo. Za kulawa ndadumpha. Iwo atembenuza tsamba, ayendetsa chala kunsi kwake, atembenuza lina. Afunsa funso limodzi: "Ndiye munalola mudzi wonse uzinena kuti muli ndi nsabwe, kuti ine ndisamve za mtengo?" Ndavomera. Akhala pampando, aseka, aseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa bwino kuti misozi yonseyo ndi ya kuseka.

Kenako aimirira, akhudza kansonga kofiira kaja ndi chala chimodzi. "Aphuka." Dzanja lomwelo aliika pamutu panga. "Inunso muphuka."

Dongosolo la Lolemba, mmene lathera:
- Kupeza chimene chachitika: ndinapeza.
- Kuchiza: ndinachiza, wodwala anatsala pang'ono kufa ndi dokotala.
- Osauza munthu aliyense: amva mpaka ku Ulongwe, kungoti amva zina.
- Nkhope ya munthu amene sanavutikepo: yafika mpaka kunkhongo.

ANachisale akuti afotokoza ku kwaya. Sindikuyembekezera zambiri. Nkhani ya mtengo womwa kachasu singapambane nkhani ya mlembi wa nsabwe. Dona Filomena apitiriza kuika sabawu pathebulo mpaka mvula.

Mswachi ndi thonje zapatsidwa malo pawindo, ndipo Loweruka lililonse kunsi kwa masamba ndi ntchito yanga, popeza ndine amene ndikudziwa njira. Botolo lotsala lakwera pamwamba pa kabati. Zefelino wafunsa kale ngati wodwala amalola alendo.

Chipewa ndigona nacho. Mawa m'mawa ndiyang'ana kansonga kofiira, kenako galasi. Tikupikisana. Pakadali pano bolasha akutsogola.